Achemwali a zosoka, musanasankhe Wix kapena WordPress yambani mwagula domeni m'dzina lanu

Achemwali, ndawerenga funso lanu loti muli ndi shopu yosoka zovala za chitenje ku Area 25, mukufuna webusaiti yoti makasitomala aziona zomwe mumasoka, makamaka abale athu a ku Joni ndi ku UK omwe amakuvutitsani kuti muwatumizire zithunzi, koma za khodi (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta) simuzitsata ngakhale pang'ono, ndiye mukufunsa kuti pakati pa Wix, WordPress ndi Shopify mutenge iti. Za logo zija ndi zotsatsa pa Facebook akuyankhani ena, ine ndikamba zokhazo zomwe zinandiwawa ndekha.

Choyamba, onse amene angolemba kuti "ndipezeni ku inbox ndikupangireni motchipa" aja musawathamangire. Sindikuti onse ndi akuba ayi, ena ndi ana abwinobwino odziwa ntchito yawo, koma palibe ngakhale mmodzi amene wakufunsani kuti webusaitiyo mukufuna izichita chani, ndipo palibe amene wakuuzani kuti pali ndalama yolipira chaka ndi chaka. Pamenepo pomwe ndi pamene ife tinagwera.

Kwathu tili ndi kaloji ka banja kunyanja, zipinda zochepa chabe. Zaka zingapo zapitazo tinapatsa mnyamata wina ntchito yotipangira webusaiti, anapanga yokongola ndithu, zithunzi za nyanja, mitengo ya zipinda, imelo ya bizinesi, zonse zili bwinobwino. Tinamulipira, tinalembetsa adiresiyo pa chikwangwani cha pamsewu, pa makadi, ngakhale pa galimoto. Chomwe sitinadziwe n'choti domeni, kutanthauza dzina lenilenilo lothera ndi .com, analigula ndi imelo yake komanso pa akaunti yake. Patapita miyezi anapita ku Joni kukasaka maganyu, nambala inasintha, ife osadandaula chifukwa webusaiti inali kugwirabe ntchito. Chaka chitakwana mauthenga onse okumbutsa kuti lipirani ankapita ku imelo ya iyeyo. Ife tinadzamva kwa mlendo wina amene anatilembera pa WhatsApp kuti kodi mwatseka, pa webusaiti yanu pakungobwera zotsatsa zachilendo. Imelo ya bizinesi nayo inali itafa kalekale, ndiye kuti onse amene ankalemba kufuna chipinda uthenga wawo unkangobwerera, ndipo mpaka lero sindimafuna kuwerengera kuti tinataya alendo angati mwezi umenewo.

Mmene zimayendera ndi izi: domeni ikatha nthawi amakupatsa kanthawi koti ulipire pa mtengo womwewo, kakadutsa ako pamabwera masiku ena 30 oti ukhoza kuiwombola koma ndi chindapusa chokwera kangapo kuposa mtengo wake, kenako amaimasula kuti aliyense agule. Ife sitikanatha ngakhale kuiwombola chifukwa pamapepala sinali yathu. Mmene tinkamupeza mnyamatayo n'kuti dzinalo atagula kale anthu ena akunja amene ntchito yawo ndi yomweyo yotolera mayina otha nthawi, ndipo ankatchaja madola mazanamazana kuti atibwezere dzina lathu lomwe. Tinagula dzina lina, kupentanso chikwangwani, kutaya makadi onse. Choncho ndikamati domeni ikhale m'dzina lanu sindikunena zongomva. Ili ngati simu khadi yomwe inalembetsedwa ndi ID ya munthu wina, imagwira ntchito bwinobwino mpaka tsiku lomwe yatayika, mukapita kukabwezeretsa amakuuzani kuti abwere mwini wake.

Ndiye musanaganize za Wix kapena chani, tsegulani akaunti nokha pa malo ogulitsa madomeni ngati Namecheap, kapena kampani ya konkuno yomwe imalandira makwacha, ndi imelo yanu yomwe mumatsegula tsiku lililonse, mugule dzinalo. La .com limakhala cha m'ma $10 mpaka $15 pachaka. Musakopeke ndi mtengo wa chaka choyamba, ena amakuonetsani $1 kapena $2 koma chaka chachiwiri ndi nkhani ina, yang'anani pomwe alemba mtengo wokonzanso. Mukakhala ndi kangachepe lipiriranitu zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo tsiku lothera mulilembe mu kope lomwe mumalembamo miyezo ya makasitomala, osati m'mutu.

Tsopano za zitatu mwatchulazo.

Wix ndi yosavuta, zimenezo n'zoona, mumangokoka chithunzi n'kuchiika pomwe mukufuna ngati mukupanga positala. Koma yaulere ija imabwera ndi chotsatsa chawo pamwamba komanso adiresi yaitali yokhala ndi wixsite.com, yoti simungamuuze munthu pa foni iye n'kuigwira. Kuti muchotse zimenezo n'kulumikiza dzina lanu muzilipira, pafupifupi $10 mpaka $20 pamwezi kutengera pulani. Ndipo chomwe amene akuichemerera m'mayankho ena aja sanakuuzeni n'choti webusaiti ya Wix simungaisamutse kupita nayo kwina. Tsiku lomwe mwatopa ndi mtengo wawo mukayambiranso pa ziro, mungotenga zithunzi ndi mawu anu basi.

Shopify ine ndikuti isiyeni kaye. Ndi yabwino kwa munthu amene ali ndi katundu wambiri wofanana, amene amatumiza maphukusi tsiku ndi tsiku, ndipo pamwezi imadya cha m'ma $25 mpaka $40 musanagulitse ngakhale diresi imodzi. Njira yawo yolandirira ndalama ya Shopify Payments kuno ku Malawi kulibe, Stripe nayonso kulibe, ndiye muyenera kulumikiza kampani ina yolandirira ndalama, Shopify n'kumadulanso kake pa chilichonse chomwe mwagulitsa. Kwa telala mmodzi kapena awiri zimenezo ndi kugwirira ntchito ena.

Ndipo vuto lalikulu la zonse ziwirizi ndi dola. Muli ndi khadi ya Visa yomwe imalipira kunja osavuta? Ine yanga inakanapo kangapo pa nthawi yomwe ndalama zakunja zinasowa, mu akaunti muli ndalama koma ikungobwerera, kubanki akuti dikirani. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene ankalipira madola pamwezi anangodzuka bilu yakwera, pomwe mtengo wosokera diresi simungaukweze choncho makasitomala osathawa. Chilichonse cholipira mwezi ndi mwezi m'madola muzichiopa, bola cholipira kamodzi pachaka, chomwe mukhoza kupempha m'bale wa kunja kuti akulipirireni inu n'kumubwezera.

WordPress ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito panopa ndipo ndimaikonda, koma ndikuuzeni zoona zake. Ilipo iwiri ndipo anthu amasokoneza. WordPress.com ndi kampani yomwe imakusungirani zonse, ili ndi yaulere yokhala ndi zotsatsa komanso mapulani olipira. WordPress.org ndi pulogalamu yaulere yomwe mumaika pa hositing'i yanu, yomwe ndi malo omwe mumachita lendi kuti mafayilo a webusaiti azikhalapo. Yachiwiriyi ndi imene anthu ambiri amatanthauza, inayamba mu 2003 ndipo mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lonse amayendera yomweyo, ndiye mukakakamira penapake mavidiyo ophunzitsa pa YouTube ndi mbwee, ndipo mukakangana ndi amene anakupangirani mupeza wina woidziwa tsiku lomwelo. Ubwino wake waukulu kwa ine ndi woti mukhoza kunyamula webusaiti yonse kuchoka kampani ina kupita ina. Makampani a hositing'i a konkuno alipo olandira Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, nkhani ya khadi ija osakukhudzani. Akunja ngati Hostinger amaonetsa $3 pamwezi koma mtengo umenewo ndi wa munthu wolipiriratu zaka zingapo nthawi imodzi, zikatha umakwera.

Khodi siifunika, pali mapulagini, timapulogalamu towonjezera pa WordPress, ngati Elementor okokera zinthu ngati Wix yomwe, koma musanamizidwe kuti ndi ya tsiku limodzi. Ine inanditengera masabata ndikuphunzira usiku, ndipo imafuna kuisamalira, kuchita apudeti mapulagini, kusunga bakapu (kope la webusaiti yonse losunga padera). Mukaisiya miyezi osaiyang'ana anthu oipa amalowamo. Chenjezo lina lalikulu, pali anyamata amene amaika ma theme (kaonekedwe ka webusaiti kopangidwa kale) ndi mapulagini olipira omwe anawatenga mwakuba pa intaneti, amati nulled, n'kukuuzani kuti akupatsani zodula mwaulere. Zambiri mwa zimenezo zimabwera ndi zoipa zobisika mkati, tsiku lina mudzangoona kasitomala akutsegula webusaiti ya madiresi n'kupezeka ali pa tsamba la juga kapena zolaula, Google n'kuika chenjezo lofiira pa dzina la bizinesi yanu. Ma theme aulere ovomerezeka omwe ali mkati mwa WordPress momwemo ndi okwanira.

Koma achemwali, kunena mosapsatira, pa zomwe mwafotokozazo inu simukufunika sitolo ya pa intaneti. Diresi yosoka si shuga woti munthu angodina n'kulipira. Afuna akutumizireni miyezo, asankhe chitenje, mukambirane za mkono ndi kutalika, akufunseni ngati ifika ukwati usanachitike. Zonsezo zimathera pa WhatsApp basi. Ndiye chomwe mukufuna ndi tsamba limodzi kapena awiri: zithunzi za ntchito yanu, mitengo yoyambira, kafotokozedwe ka mmene munthu angadziyezere yekha ndi tepi, masiku omwe mumatenga kusoka, pomwe shopu ili, ndi batani lalikulu lotsegula WhatsApp yanu. Linki yake mumalemba wa.me kenako kamzere kopendekera, kenako nambala yanu kuyambira ndi 265 opanda ziro woyamba uja. Za malipiro, a ku Joni amadziwa kale Mukuru, a ku UK amatumiza pa WorldRemit ndi ena otero ndalama n'kufikira mu foni mwanu, palibe chifukwa chowaphunzitsira njira yatsopano.

Tsamba lotere mukhoza kulipanga nokha Loweruka limodzi pa Google Sites, ndi yaulere, ilibe zotsatsa, imangofuna akaunti ya Gmail, ndipo imalola kulumikiza domeni yanu ija. Sikongola kwambiri, mitundu ya kaonekedwe ndi yochepa, koma imatseguka bwino pa foni ndipo palibe choti muzichita apudeti. Mukafuna yooneka bwinoko pali Carrd, ya tsamba limodzi, pulani yolola dzina lanu ndi pafupifupi $19 pachaka, pachaka osati pamwezi. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi imodzi mwa ziwirizi, bizinesi ikadzakula n'kuyamba kusoka zogulitsa zambiri za saizi imodzi, pamenepo mudzasamukire ku WordPress ndi WooCommerce, pulagini yake yopangira sitolo ya pa intaneti, dzina lomwe lija mungolilozetsa kumalo atsopano, makasitomala osadziwa n'komwe kuti mwasamuka.

Zaulere nazo musazikhulupirire mpaka kusindikiza adiresi yawo pa chikwangwani. Google yomweyo inali ndi mawebusaiti aulere a mabizinesi othera ndi business.site, mu Malichi 2024 inawatseka onse, amene analemba adiresi imeneyo pa makadi awo anangotsala nawo m'manja. Google Business Profile yeniyeniyo ikadalipo ndipo ndi yaulere, ilembetseni kuti shopu izioneka pa Google Maps, ndi yothandiza kwambiri kwa anthu a mu Lilongwe momwemo amene akusaka telala wapafupi.

Kanthu kena kapambali koma kofunika, zithunzi. Chithunzi chochokera mu foni chimatha kukhala 3MB mpaka 5MB, mukaika 30 pa tsamba limodzi mwamutherapo munthu bandulo, ndipo pa netiweki yathuyi atseka lisanatseguke n'komwe. Zichepetseni kaye pa TinyPNG kapena Squoosh, zonse ndi zaulere, chilichonse chifike cha m'ma 200KB. Mukamaliza yesani kutsegula pa foni wamba ndi data, osati pa wifi ya ku ofesi ya munthu. Ndipo chonde ikani zomwe mwasoka inuyo, zojambula panja m'mawa kuwala kuli bwino, osati zotola pa Pinterest, makasitomala a kunja amazizindikira ndipo akakayika kamodzi ndalama satumiza.

Ngati mwaona kuti nthawi mulibe ndipo mukufunabe wina akupangireni, palibe cholakwika, koma mukhale naye pansi limodzi, akaunti ya domeni ndi ya hositing'i atsegule inu mukuona, ndi imelo yanu ndi nambala yanu, pasiwedi mulembe ndi dzanja lanu. Pa WordPress akupatseni akaunti ya Administrator osati Editor. Aonetsetse kuti adiresi ikuyamba ndi https, kutanthauza kuti webusaiti ndi yotetezedwa, satifiketi yake ya Let's Encrypt ndi yaulere ndiye asakutchajeni padera. Ndalama yomaliza mumupatse pokhapokha mutalowa nokha pa foni yanu, n'kusintha mtengo wa diresi imodzi, n'kuona kuti wasinthadi. Akayamba zoti "siyani ndizikusungirani ine zonse, inu zingokusokonezani", mutengereni ntchitoyo kwina, mawu amenewo ndi omwe anatiuza ifenso.

Mukagula domeniyo mudzanene pompano, polumikiza ndi Google Sites pali kagawo ka DNS, kolozetsa dzina lanu ku webusaiti, komwe kamazunguza mutu ulendo woyamba, ndidzakuuzani pomwe mudine ndi zomwe mulembe.