BMW ya denga la lona ngati galimoto yoyamba: yankho kwa mphunzitsi wa ku Ulongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wachinyamata wa ku Ulongwe. Dzina sinditchula. Akuti: "Achimwene, ndasunga ndalama zaka zitatu ndipo karta yoyendetsera galimoto ndinatenga chaka chatha. Ku Matundo, mumzinda wa Tete, wina akugulitsa BMW 325Ci ya 2003, ija yotsekula denga. Yayenda makilomita 240,000 ndipo akufuna 300,000 meticais. Ikhala galimoto yanga yoyamba. Ndigule?"

Aphunzitsi, sindipita m'mbali. Ndikanakhala inu, sindikanagula. Koma makilomitawo sindiwo akundiopsa. Injini ya galimoto imeneyi, imene amaitcha M54, ya masilinda 6, ndi yolimba ndithu, ndipo imayendera tcheni osati lamba, choncho nkhawa yoduka lamba wa m'kati mulibe. Ikamamwetsedwa oyilo wabwino pa nthawi yake imapitirira pamenepo. Komanso nambala ya pa dashibodi ya galimoto yazaka zoposa 20 musaikhulupirire kwambiri, ilipo mikono yodziwa kuibweza m'mbuyo. Chiwongolero chosalala, mpando wa dalaivala wophwanyika ndi mphira wa mapedulo wotha zimanena zoona kuposa nambalayo.

Chimene chikundiopsa ndi madzi a injini. BMW za mtundu uwu, wa E46, zili ndi matenda odziwika: kathanki ka madzi ndi ka pulasitiki, m'mbali mwa redieta ndi pulasitiki, potsekera thermostat (kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini) ndi pulasitikinso. Zikakalamba zimauma n'kuphulika osatsanzika. Tsono ganizirani Tete mu Okutobala kapena Novembala, kutentha kukupitirira madigiri 40, inu mwaima pamzere wolowera pa mlatho wa Samora Machel. Injiniyo ndi ya aluminiyamu. Ikawira kamodzi kokha, mutu wake umapindika, nthawi zina mabawuti amazuka ndi mazinga omwe, ndipo kukonza kwake kukhoza kudya gawo lalikulu la mtengo umene munagulira. Choipa china, singano yoonetsa kutentha anaipanga kuti izikhala phee pakati ngakhale kutentha kukusinthasintha. Mukaiona ikuthamangira kofiira, mwatsala ndi kamphindi kochepa kuti muzimitse. Dalaivala watsopano maso ake amakhala pa njinga ndi mbuzi, singano saiyang'ana.

Tibwere ku dengalo, poti ndi limene lakuberani mtima. Pansi pa lona ija pali pampu ya hydraulic, timapaipi ta mafuta, timamota ndi timasensa tambiri touza kompyuta kuti denga lafika pati. Kamodzi kakangofa, denga limaima panjira, osatseka osatsekuka. Ndinaziona ndi maso anga kwa mnzanga amene anali ndi galimoto yotere: anayenda dzinja lonse atakulunga pepala lakuda lija timafolera nyumba, m'kati mukununkha nkhungu. Zipangizo za injini mungazipeze, chifukwa BMW za makomo anayi za mtundu womwewu zinkapangidwa ku Rosslyn, ku South Africa, ndipo zophwasula zake n'zambiri ku Johannesburg. Koma yotsekula dengayi inkapangidwa ku Germany, ndipo zitsulo za denga lake sizigwirizana ndi za zinazo. Muziitanitsa, mudikire, mulipire msonkho ku Alfândega (kasitomu), kenako muyambe kusaka makaniko amene anakonzapo denga lotere.

Ndifunsenso: mudzalitsekula liti? Kumtunda kwathu ku Angónia, kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi mvula, Juni ndi Julaye ndi chisanu chobaya m'mafupa. Mukatsikira ku Tete dzuwa likuwotchani pamutu, ndipo pa Moatize fumbi la malasha ndi utsi wa malole zikusambitsani. Atsala ndi madzulo ochepa chabe, monga a Epulo ndi Meyi. Ndivomere, madzulo amenewo amakoma kwabasi, mphepo ikukupitani m'makutu, mapiri a Domue ali apo. Koma lonayo imatha ndi dzuwa chaka chonse, ndipo wakuba safuna kiyi, kampeni kokha kakwana.

China chimene simunalembe m'kalata yanu, koma ndikuchidziwa: galimoto yoyamba pabanja si yanu nokha. Mlamu akadwala usiku adzagogoda kwa inu. Amayi akakolola adzafuna matumba a chimanga ndi mbatatesi achoke kumunda. Pamaliro mudzanyamula azakhali. Iyi ili ndi makomo awiri, mipando yakumbuyo ndi yopanikiza, ndipo buti yake imachepanso denga likapindidwa. Ndi yotsika kwambiri moti pamsewu wafumbi wolowera ku Tsangano kapena kumudzi, pansi pake padzakhala pakukhula miyala. Ngakhale pa tala, maenje amatha mabushi a kutsogolo msanga.

Mwina mtima wakana kumva. Chabwino, pitani mukaione, koma m'mawa injini isanalizidwe, ndipo mutenge makaniko wanu, osati amene wakupezerani wogulitsayo. Tsekulani chotsekera oyilo: mukaona zoyera ngati chambiko, bwererani pomwepo. Funsani ngati redieta, pampu ya madzi ndi kathanki kaja zinasinthidwapo, ndipo akuonetseni malisiti, osati pakamwa pokha. Denga alitsekule ndi kulitseka katatu motsatizana inu mukumvetsera. Kenako litsanulireni ndowa ziwiri za madzi, mugwire kapeti pansi pa mipando ndi m'buti. Muikweze pa dzenje, makaniko ayang'ane pamene chitsulo chonyamula matayala akumbuyo chimamangirira ku thupi la galimoto, chifukwa E46 imakonda kung'aluka pamenepo, ndipo kuwotcherera kwake si kwa pansi pa mtengo. Pomaliza iyendetseni masana dzuwa lili paliwombo, AC ili yoyaka, kwa ola lathunthu.

Mapepala musachite nawo manyazi. Nambala ya chassis ya pa livrete (kabuku ka galimoto) ifanane ndi yodindidwa pa galimoto, dzina la pa título de propriedade (chikalata cha umwini) likhale la amene akulandira ndalamayo, ndipo inspecção (pepala loyezetsera galimoto) ndi seguro (inshuwalansi) zikhale zamoyo. Mawu akuti "mapepala abwera mawa" amveke ngati akuti "pitani kwanu". Ndipo ngati 300,000 ndiyo ndalama yonse imene muli nayo, nkhani yathera pomwepa, chifukwa galimoto yotere imafuna kuti pakhale ina yapadera yoidikirira mwezi woyamba womwe.

Ndalama imeneyo ine ndikanasakira Toyota yaing'ono, kaya Corolla, RunX, IST kapena Ractis. Ndi zosasangalatsa m'maso, ndikudziwa, palibe mwana wasukulu adzaithamangire. Koma makaniko aliyense wa pa Ulongwe anaitsekulapo, zipangizo zake zili ku Tete, ndipo zikasowa mumangodumpha pa Calómuè kukagula ku Dedza kapena ku Lilongwe. Mukaikhulitsa pachipata cha sukulu, monga amachitira aliyense chaka choyamba, mudzangoseka. Mukapita kukaona BMW ija, mundijambulire pansi pake ndi m'buti mutatsanulira madzi, munditumizire ndione.