Mukufuna kukadzipereka kumidzi? Yambani mwalifunsa bungwelo

Achemwali, mwafunsa ngati n'zotheka kukagwira ntchito mongodzipereka ku bungwe loona zaumoyo ndi kudzidalira kumidzi pomwe za unamwino simunaphunzire. Ine ndikuti pitani, bola musankhe bwino bungwe lake.

Zoti si inu namwino zisakudetseni nkhawa. Zambiri zopulumutsa moyo kumudzi sizilira jakisoni. Ku Bangladesh, kuyambira mu 1980, bungwe la BRAC linatuma amayi kuyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa anzawo kusungunula mchere ndi shuga m'madzi kuti azimwetsa mwana wotsekula m'mimba. Mmene zaka 10 zinkatha n'kuti atafikira mabanja pafupifupi 12 miliyoni. Ntchito yotere inunso mungaithe, monganso kuyeza mkono wa mwana ndi katepi koyezera kunyentchera: mukazunguliza katepiko pamkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 n'kupeza pansi pa masentimita 11.5, ndiye kuti mwanayo wanyentchera kwambiri, ndipo mbali yanu ndi kuonetsetsa kuti wafika kuchipatala, basi. Bungwe lokupatsani mankhwala kuti muzigawa musanaphunzitsidwe, lithaweni.

Koma funso lenileni loti muwafunse ndi ili: "Inu mukadzachoka, zimenezi adzaziyendetse ndani?" Mumvetsere bwino yankho lawo. Kukumba mjigo sikovuta ngati ndalama zilipo. Vuto limadza tsiku lomwe karabala ka m'kati kadzathe. Ngati panalibe komiti, anthu sankasonkha kangachepe, ndipo palibe amene anaphunzitsidwa kumasula mpope, onse amabwerera kumadzi akale aja, matenda n'kuyambiranso, chikwangwani cha bungwe chili chiimire pambali pa mjigo wakufa. Yerekezani ndi banki m'khonde, imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991. Ndalama zake ndi za mamembala okha: amasunga, amabwerekana ndi chiwongoladzanja, n'kudzagawana chaka chikatha. Bungwe limangophunzitsa, kenako n'kudzipatula. Kudzidalira kwenikweni ndi kumeneko, ndipo bungwe labwino silichita manyazi kunena nthawi yomwe lidzachoke.

Mufunsenso ngati amagwira ntchito limodzi ndi chipatala cha m'deralo komanso alangizi a zaumoyo omwe alipo kale. Anthu amenewo ndiwo amadziwa nyumba yomwe ili ndi mayi woyembekezera amene sanayambe sikelo. Mukawalambalala, mudzangozungulira.

Za ndalama musachite nazo manyazi. Kudzipereka si malipiro, inde, koma mayendedwe, pogona ndi thandizo mukadwala zilembedwe musananyamuke. Ena amalipiritsa wodziperekayo. Ngati ndi choncho, akuuzeni komwe ndalamayo ikupita.

Ngati muli ndi masabata awiri okha, kunena zoona, ndi bwino mungothandiza ku ofesi kwawo kapena kusonkhetsa ndalama. Anthu samasukira mlendo msanga, makamaka pa nkhani za kulera, HIV kapena chimbudzi, ndipo mwezi woyamba umathera kumvetsera. Akayamba kukumasukirani, zimene akuuzani zikhale zanu nokha. Izi zikukhudzanso foni yanu: mwana wodwala si woika pa Facebook, ngakhale mayi ake atavomera chifukwa choopa kuti akakana thandizo liwaphonya.

Pomaliza, apempheni akulumikizeni ndi munthu amene anadziperekapo kwa iwo n'kumaliza nthawi yake, mucheze naye panokha popanda wa ku ofesi.