Kodi Zimene Anapeza pa Ana Ochepa Zikukhudza Ana Onse?

Funso: Ndinawerenga kuti mwana amene amadziletsa osadya switi mpaka atapatsidwa yachiwiri amadzakhoza bwino m'kalasi akakula. Kodi kafukufuku wa zamaganizo ngati ameneyu ndingamukhulupirire pa ana amene ndimaphunzitsa? — Mphunzitsi

Yankho: Aphunzitsi, musanakhulupirire kafukufuku aliyense, funsani kaye kuti anayesa ndani. Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Walter Mischel, anayamba kuyesa zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pa ana a sukulu ya mkaka ya pa yunivesite ya Stanford, ambiri mwa iwo ochokera m'mabanja ophunzira bwino. Mu 2018, Tyler Watts ndi anzake anaunikanso nkhaniyi pa ana oposa 900 a m'mabanja osiyanasiyana. Kugwirizana kwa kudikira ndi kukhoza bwino kunachepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi zimene Mischel anapeza, ndipo atawerengera maphunziro a makolo ndi mmene pakhomo palili, kunatsala pang'ono chabe.

Chifukwa chake n'chomveka. Mwana amene anazolowera kuti akuluakulu amakwaniritsa malonjezo ali ndi chifukwa chodikirira. Amene sadziwa ngati switi yachiwiriyo ibweradi amachita mwanzeru akadya imene ili pamaso pake. Choncho muyesowo sunkaona kudziletsa kokha, unkaonanso kukhulupirira. Apa ndi pamene ofufuza ambiri amaphonya: amapereka dzina limodzi ku chinthu chimene chili ndi mizu ingapo.

Chikhalidwe nachonso chimasintha zotsatira. Ana a zaka zinayi a mtundu wa Nso ku Cameroon atayesedwa, pafupifupi 70 pa 100 anadikira mphindi 10 zonse, pamene ku Germany anali osakwana 30 pa 100. Vutoli si la switi lokha. Mu 2008, Jeffrey Arnett anapeza kuti anthu 96 pa 100 ofufuzidwa m'magazini akuluakulu a maphunziro a zamaganizo anali a m'mayiko olemera a azungu, amene anali ndi 12 pa 100 yokha ya anthu a padziko.

Onaninso ngati ena anabwereza kafukufukuyo n'kupeza zomwezo. Mu 2015, ofufuza atabwereza kafukufuku 100 wofalitsidwa kale, ndi pafupifupi 36 pa 100 okha amene anatulukanso ndi zotsatira zoonekeratu. Ngati anayesa anthu 30 okha, m'chipinda chimodzi, tsiku limodzi, musasinthe kaphunzitsidwe kanu chifukwa cha zimenezo. Yambani mwaona ngati ana ofufuzidwawo amafanana ndi anu pa msinkhu, chinenero chimene anafunsidwira ndi moyo wa pakhomo.