Kachisi amene amatsekedwa chifukwa mayi ali kumwezi

Achemwali ena amene akuphunzira ku Delhi andilembera kuti mnzawo wa Chihindu akuwaitanira ku kachisi wa mulungu wamkazi Kamakhya ku India komweko, koma iwo ndi Mkhristu, ndiye apite kapena ayi? Achemwali, mwandigunda pachilonda.

Inenso ndinakwerapo phiri la Nilachal ku Guwahati, m'chigawo cha Assam, mtsinje wa Brahmaputra uli tantha m'munsimo ngati nyanja. Tinavula nsapato n'kuima pamzere mpaka miyendo kuwawa. Mkati mwenimweni mulibe fano. Mumatsika masitepe opapatiza mumdima mpaka pathanthwe long'ambika pakati, lonyowa nthawi zonse ndi madzi a kasupe, lofundidwa nsalu zofiira ndi maluwa. Ahindu amati Sati, mkazi wa mulungu Shiva, anadziponya pamoto bambo ake Daksha atanyoza mwamuna wake. Shiva anasenza mtembowo ali wolusa, mulungu wina, Vishnu, n'kuuduladula, ndipo paphiri limeneli panagwera chiwalo cha Sati chimene mwana amatulukira. Kachisi amene alipoyu anamangidwanso mu 1565 ndi mfumu Nara Narayan ya anthu a mtundu wa Koch, wakale atagumuka.

Chimene chinandigwetsa misozi ndi mwambo wa Ambubachi. Mwezi wa June, mvula itayamba, amatseka makomo masiku atatu chifukwa mulungu wamkaziyo ali kumwezi. Akatsegula, khamu losaoneka malire limalimbirana kachidutswa ka nsalu yofiira kochokera pathanthwepo, kupita nako kunyumba ngati dalitso.

Ine nditatha msinkhu ndili ndi zaka 13, azakhali anandikokera kuseri, mawu ali pansipansi: usathire mchere m'ndiwo, nyanda zako munthu asazione. Ndinkaziyanika pansi pa bedi, n'kuzivala zisanaume. Tsiku lina yunifolomu inadetsedwa m'kalasi, anyamata anaseka, ndinajomba sabata yathunthu. Ndiye kumva kuti kwinakwake anthu amayenda ulendo wamasiku pasitima kukalemekeza chimene ine ndinkabisa ngati ndaba! Sindikunamizani kuti kumeneko zonse zili bwino. M'mabanja ambiri a Chihindu mkazi amene ali kumwezi saloledwa kulowa m'kachisi, ena ngakhale kukhitchini. Zimenezo ndimadana nazo, kaya ndi ku Assam kaya ndi kwathu. Mwana wanga wamkazi sadzayanika nyanda mumdima ine ndili moyo.

Nsembe za mbuzi ziliponso, ndipo anthu amabwera ndi nkhunda. Kambuzi kena kakuda kali ndi utoto wofiira pamphumi kanandiyang'ana, ndinatembenuka osafuna kuona zotsatira.

Tsono mupite?

Pitani ngati mlendo. Ine palibe anandikakamiza kugwada kapena kukhudza madziwo. Lawirirani m'mamawa, valani zofika m'mapazi, ndipo ngati simutha kupanikizana pewani June. Sitima imaima pasiteshoni ya Kamakhya, pafupi ndi phirilo. Akakupatsani prasad, chakudya choperekedwa kwa mulunguyo, koma mtima wanu sukulola, gwirizitsani manja pachifuwa n'kukana mwaulemu. Mnzanuyo muuziretu zimenezi musananyamuke ku Delhi.