Kwa achemwali amene akuti zaka 43 ndi mochedwa kugwira burashi

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mukuti muli ndi zaka 43, ndinu kalaliki, zojambula simunaphunzirepo, ndiye mukufunsa ngati anthu sakusekani mukayamba lero. Mwandiponda pachilonda.

Ndili Sitandade 6 ndinajambula ng'ombe ya agogo kumapeto kwa kope. Aphunzitsi anakweza kopelo m'mwamba n'kufunsa kalasi ngati chimenechi ndi ng'ombe kapena tebulo. Anzanga anafa nacho chiseko. Tsambalo ndinaling'amba pobwerera kunyumba, ndipo panatha zaka 25 ndisanajambulenso kanthu. Ng'ombeyo inali ndi nyanga imodzi yothyoka ndipo ndinaijambula momwemo, chifukwa ndinkaikama ndine, ndinkaidziwa. Palibe anaona nyangayo. Mpaka lero zimandiwawa.

Amene anandibweza ndi mzungu wa ku France, Henri Rousseau, wobadwira ku Laval mu 1844. Bamboyu ankakhala pa zipata za Paris kutolera msonkho wa katundu wolowa mumzinda, n'chifukwa chake anam'patsa dzina loti Le Douanier. Sukulu ya zojambula sanaipondeko. Anayamba kujambula mwakhama ali ndi zaka ngati zanuzi, ndipo kuyambira 1886 ankaika zithunzi zake pa Salon des Indépendants, chionetsero chomwe chinalibe oweruza okana ntchito ya munthu. Anthu ankaima patsogolo pa zithunzizo n'kumaseka, olemba nyuzi n'kumati akujambula ngati mwana. Chaka chotsatira iye ankabweranso ndi zina.

Mu 1891 anajambula kambuku wamizeremizere akunyang'ama m'nkhalango, mvula yamkuntho ikuomba, udzu wonse utapendekera mbali imodzi. Lero chithunzichi chili ku National Gallery, nyumba yoonetserako zithunzi ku London. Komatu munthuyu sanatulukepo m'dziko la France! Nkhalango zakezo ankazitenga ku Jardin des Plantes, munda wa zomera ndi nyama mu Paris momwemo, ndi m'mabuku a zithunzi. Chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha 1897: mayi wagona m'chipululu usiku, mwezi uli mbee, pambali pake chingwenyengwenye ndi mtsuko, mkango ukumununkhiza osamugwira. Anafuna kuchigulitsa kwawo ku Laval, akuluakulu a tauni sanachifune. Pano chapachikidwa ku Museum of Modern Art ku New York.

Apa ndilankhule molimba. Ena adzakuuzani za Paul Gauguin, wojambula wina wa ku France, amene anachoka pa ntchito yogulitsa masheya, n'kusiya mkazi ndi ana asanu ku Copenhagen, mu 1891 n'kupita ku chilumba cha Tahiti kukajambula, ati ndiwo mtima wa mmisiri weniweni. Ine ndimakana, ndipo ndikamakula ndikukanitsitsa. Mitundu yake ndi yokongola, sinditsutsa, koma ana aja anadya chiyani? Rousseau sanataye ntchito mwachibwana. Anapirira pachipata paja mpaka 1893, ali ndi zaka 49, ndipo ngakhale atapuma ankaphunzitsa ana vayolini ndi kujambula kuti apeze ya ndiwo. Mkazi wake Clémence anali atamwalira kale mu 1888.

Sindikubisirani, sanalemere. Wojambula wotchuka Pablo Picasso anamukonzera Rousseau phwando mu 1908 ku Bateau-Lavoir, nyumba ya ojambula mu Paris, achinyamata ojambula n'kuyamba kumulemekeza, koma mu 1910 anamwalira wosauka ndi chilonda cha pamwendo, ndipo pamaliro pake panali anthu 7 okha. Ndikaganiza za anthu 7 amenewo ndimakhala chete kanthawi.

Tsono muyambe bwanji?

Ntchito musasiye. Gulani penti wamadzi, maburashi awiri ndi mapepala okhuthala. Jambulani chimene mumachidziwa bwino, kaya mbaula yanu, kaya mpando wa amayi anu, Loweruka lililonse mukatha kuchapa. Kuseka adzaseka ndithu, ndiye zithunzi zoyambazo musaonetse a ku ofesi. Mukamaliza chachitatu munditumizire, ndikufuna kuchiona.