Anditsekera bala chifukwa cha osuta fodya, ndingasumire boma?

Bambo, uthenga wanu ndawerenga kawiri. Mwati akhonsolo anabwera ku bala kwanu nkupeza anthu atatu akusuta fodya mkati, patapita masiku ochepa anakubweretserani notisi yoimitsa laisensi komanso faindi. Papita masabata 7 tsopano, mwalemba makalata awiri odandaula koma kuli zii, ndipo alamu anu akuti musathamangire kukhoti iwo ali ndi munthu wao mkatimo akonza. Funso lanu ndi loti boma mphamvu yolera anthu akuluakulu ngati makanda lazitenga kuti, poti osutawo anasankha okha ndipo ndalama ndi zao.

Mfundo yoti boma latiyesa ana ija, mukhoti siyenda patali. Jaji sakhala pampando paja kuti aone ngati lamulo ndi lanzeru kapena lopusa, imeneyo ndi ntchito ya aphungu ndi inu ovota. Iye amafunsa zina: amene anapanga chiganizoyu anali nazo mphamvu? Anatsata ndondomeko? Anamva mbali yanu? Chilangocho chikulingana ndi cholakwa? Ndipo pa fodya mpovuta kwambiri chifukwa utsi sukhala mkamwa mwa osuta yekha, mtsikana operekera mowa uja amaupuma usiku onse asanasankhe. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu opitilira 1 miliyoni amafa chaka chilichonse ndi utsi wa anzao, ndipo maiko opitilira 180 analowa mu pangano lolimbana ndi kusuta fodya la FCTC la 2003 lomwe mwa zina limati anthu atetezedwe ku utsi m'malo a ntchito ndi opezekamo anthu ambiri. Ireland inaletsa kusuta m'mabala kalekale mu 2004. Makampani a fodya eniake, ndi maloya ao odula aja, anagwa chagada ku Australia mu 2012 pa nkhani ya mapaketi opanda zokongoletsa, Philip Morris inaluzanso kwa Uruguay mu 2016. Ndiye inu ndi ine tikangolowa ndi mau oti ufulu ufulu basi, tikatuluka manja ali mkhosi.

Sikuti boma sililuza. Ku New York analetsa kugulitsa zakumwa za shuga m'makapu akuluakulu, khoti linachotsa lamulolo mu 2014, koma chifukwa chake chinali choti bodi ya zaumoyo inalumpha malire a mphamvu zake, inapanga ntchito ya opanga malamulo. Ku South Africa boma linaletsa kugulitsa fodya nthawi ya Covid kuyambira March mpaka August 2020, gulu la makampani a fodya la FITA linasuma nkuluza mu June, kampani ya fodya ya BAT inasuma ndi umboni wambiri pa za ufulu wa mu konsitityushoni nkuwina mu December, chiletsocho chitachotsedwa kale. Chiletso chimodzi, milandu iwiri, zigamulo zosiyana. Inenso alipo malamulo ena ndimawaona kuti awa nde anyanya, New Zealand inafika poti aliyense obadwa kuyambira 2009 asadzagule fodya moyo wake onse, koma limenelo linachotsedwa ndi aphungu mu 2024 boma litasintha, osati ndi jaji.

Chimene chandidetsa nkhawa mu uthenga wanu ndi masabata 7 aja, ndipo apa mundimvetsetse. Njira yotsutsira chiganizo cha ofesi ya boma imatchedwa judicial review, ndipo ili ndi nthawi yake yochepa zedi. Ku England ndi maiko angapo otsatira dongosolo lao ndi miyezi 3, komanso lamulo limati mufulumire, kutanthauza kuti mutha kufika mkati mwa miyezi 3 jaji nkukuuzanibe kuti mwachedwa. Ku South Africa ndi masiku 180. Masikuwo kawirikawiri amayamba kuwerengedwa pa tsiku la chiganizo, kwina pa tsiku limene munachidziwa, osati tsiku limene atakuyankheni kalata yanu. Kalata yodandaula siimitsa wotchi. Akulu a mu ofesi aja akamati bweraninso Lachinayi abwana ali ku msonkhano, masiku akupita ndithu, ndipo ena mwa iwo amadziwa bwino lomwe chimene akuchita.

Ndinaonapo mlandu wokoma ukufera pamenepa. Munthu anamutsekera bizinesi osamupatsa mpata olankhula, notisi yake inatchula ndime yolakwika ya lamulo, zonse zinali mbali yake, koma anatha miyezi 5 akulemba makalata ndi kudikira m'bale wake wina amene ankati ndimadziwana ndi abwana. Tsiku lomwe tinakalowa mukhoti loya wa mbali inayo sanakambeko nkomwe za kutsekako, anangodzuka nkuwerenga madeti, mphindi khumi nkhani yatha. Khoti lili nayo mphamvu yoonjezera nthawi inde, koma limafuna chifukwa chomveka, ndipo zoti alamu anati akonza sindinamvepo jaji akuzilandira. Tiyerekeze kuti munthu wa alamu anuyo alipodi, akafuna kangachepe, ndiye kuti pamwamba pa nkhani ya fodya mwadzionjezera ya ziphuphu yomwe ndi yandende.

Pali kamsampha kena mkati mwa komweka. Malamulo ambiri a malaisensi amakhala ndi apilo yake yolembedwa, kwa komiti kapena kwa nduna kapena kukhoti laling'ono, ndipo masiku ake amakhala ochepa kuposa a judicial review. Apilo imeneyo ndi yosiyana ndi kalata yodandaula, imakhala ndi opita kwake, nthawi zina fomu yake. Mukailumpha, khoti lalikulu litha kukubwezani kuti mukayambe kaye kumeneko, mukabwerera mupeza nako chitseko chinatsekedwa. Tembenuzani notisiyo muone kumbuyo, zambiri zimalembedwa timalemba ting'onoting'ono pansi. Ngati masiku a apilo anadutsa, loya wanu apemphe kuonjezera nthawi sabata ino, ndipo ngati notisi sinatchule za apilo pomwe lamulo limati itchule, imeneyo ikhoza kukuthandizani.

Kuti muwina kapena ayi sindingalonjeze, notisi sindinaione, ndipo ngati lamulo la kwanuko limaika udindo pa mwini malo ndipo anthu anasutadi mkati, pa cholakwacho mwina mulibe pothawira. Pomwe ndikuona kampata ndi pa kuimitsa laisensi. Ngati aka nkoyamba, sanakuchenjezenipo, sanakuitaneni kuti mufotokoze, kutseka bizinesi yonse kutha kuoneka kuti kwapyola muyezo, makamaka ngati lamulolo limangonena za faindi. Kutha, sindinati kudzatero.

Zochita nazi. Pitani kwa loya ndi notisi yeniyeniyo, envulopu yake ngati ilipo, ndi makope a makalata anu awiri aja. Alembe kupempha zifukwa za chiganizocho polemba komanso ndime yeniyeni imene anagwiritsa ntchito, apereke masiku ochepa oyankhira, koma mapepala a kukhoti azikonzedwa nthawi yomweyo osadikira yankho. Muonetsetse ngati ndi lamulo la nyumba ya malamulo kapena ka bayilo, kalamulo kopangidwa ndi khonsolo, ndipo ngati ndi bayilo kanasindikizidwa mu gazeti ya boma kapena ayi, nthawi zina mumapeza akugwiritsa ntchito chinthu chomwe chikadali pa drafuti. Faindi musalipire musanafunse tanthauzo lake, kwina kulipira kumangotseka nkhani, kwina ndi kuvomera mlandu ndipo dzina limalowa m'kaundula wa opalamula, koma osangoikhalira, nayonso ili ndi deti yake. Jambulani zikwangwani zoletsa kusuta ngati zinalipo, antchito amene analipo tsikulo alembe zimene anaona akadakumbukira, musaonjezere kanthu.

Bala musatsegule mozemba, olo usiku umodzi. Ngati mukufuna kugulitsa mlandu uli mkati, loya apemphe khoti liimitse kaye chiganizocho, ndipo mutenge mabuku a zogulitsa, malipiro a antchito ndi lendi kuti jaji aone chimene mukutaya tsiku lililonse. Mufunsenso za ndalama za mlandu musanasaine kalikonse, chifukwa oluza nthawi zambiri amalipira ndi za mbali inayo. Alamu anuwo auzeni kuti zikomo, ndipo notisiyo asaitenge kupita nayo kulikonse.