Tebulo la poker likachepa anthu, makadi omwewo amasintha mtengo

Achimwene ena a ku Bangula andilembera kuti amasewera pa foni Texas Hold'em, mtundu wa poker umene aliyense amagawiridwa makadi awiri akeake, ndipo pa tebulo la anthu 9 zimawayendera bwino, koma usiku anthu akachokapo n'kutsala atatu kapena anayi, ndalama zawo zimangotha pang'onopang'ono. Akufunsa ngati ayenera kumachoka kapena kusintha kaseweredwe.

Achimwene, funso lanuli landikhudza chifukwa vuto limeneli ndinakhala nalo maso ndi maso pamene ndinkakhala ku Nchalo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa kuno kuchigwa sikulola munthu kugona msanga, tinkakhala pakhonde aliyense ndi foni yake, titatsegula tebulo lathulathu pa intaneti. Ambiri mwa anzanga ankagwira ntchito ya mashifiti ku minda ya nzimbe ndi ku fakitale ya shuga, choncho tinkayamba tili ambiri, koma wina ankanyamuka kukalowa shifiti ya usiku, wina foni inkamuthimira magetsi akazima, wina bandulo inkamuthera, ndipo pofika pakati pa usiku tinkatsala atatu. Pagulu pathu panali bambo ena achikulire, odekha kwambiri, amene anagwira bwino lamulo lakuti munthu asamalowe m'masewera ndi makadi ofooka. Madzulo tebulo likadzaza ankatidya tonse. Koma usiku ankadyedwa ndi mnyamata wina amene sankadziwa zambiri za masewerawa, yemwe ankangokweza ndalama pafupifupi nthawi iliyonse. Bambowo ankati mnyamatayo ali ndi mwayi, ena ankanong'ona kuti ali ndi mankhwala, ndipo zinkandipweteka kuona munthu wosamala chotero akupita kunyumba wopanda kanthu. Ndinatenga kope n'kuyamba kuwerengetsa, ndipo ndinapeza kuti nkhani yonse yagona pa masamu osavuta.

Pa kugawa kulikonse, osewera awiri amakakamizidwa kuika ndalama asanaone makadi, wina yaing'ono (small blind), wina yaikulu (big blind), ndipo udindowu umazungulira tebulo. Tiyerekeze kuti small blind ndi K100 ndipo big blind ndi K200. Ndalama zokakamiza zimenezi zikazungulira tebulo kamodzi, munthu aliyense amakhala atalipira K300, kaya wasewera kaya sanasewere. Pa tebulo la anthu 9, K300 imeneyo imakugulirani kugawiridwa makadi ka 9, kutanthauza pafupifupi K33 pa kugawa kulikonse. Mukakhala 6 mumalipira K50, mukakhala atatu K100, ndipo mukatsala awiri K150. Bambo aja ankadikira makadi abwino mofanana madzulo ndi usiku, osazindikira kuti mtengo wa kudikirako wakwera katatu. Ma ace awiri amabwera kamodzi pa kugawa 221, ndipo makadi awiri ofanana a mtundu uliwonse amabwera kamodzi pa 17. Amene akudikira zimenezi pa tebulo la atatu akudyetsa anzake popanda kulimbana nawo.

Mbali yachiwiri ndi yakuti makadi omwewo amalimba kapena kufooka malinga ndi chiwerengero cha opikisana nawo. Mukagwira ace imodzi ndi khadi lina laling'ono, monga 7, pa tebulo la anthu 9, mpata woti wina mwa anzanu 8 alinso ndi ace ndi pafupifupi 70 pa 100, ndipo nthawi zambiri amene angalowe nanu ndi amene khadi lake lachiwiri likuposa lanu. Pa tebulo la 6 mpatawo umatsika kufika pa theka, pa la atatu kufika pafupifupi 23 pa 100, ndipo mukatsala awiri ndi 12 pa 100 basi. Makadi amene muyenera kuwataya madzulo ndi omwe muyenera kukweza nawo usiku. Ngakhale ma ace awiri, amene amapambana ka 85 pa 100 polimbana ndi munthu mmodzi wa makadi alionse, amapambana pafupifupi ka 35 pa 100 ngati anthu 8 onse atsatira mpaka kumapeto.

N'chifukwa chake ndimadana ndi matchati amene anthu ena amagulitsa m'magulu a WhatsApp, pepala limodzi lonena kuti makadi awa sewerani, awa tayani, ngati kuti tebulo lililonse ndi lofanana. Ndikunenetsa kuti tchati chimene sichitchula chiwerengero cha anthu ndi malo amene mwakhala ndi chabodza, ndipo wochigulitsa akudyera masuku pamutu anthu amene ndalama zawo amazipeza movutikira. Ngakhale akatswiri a makompyuta anavutika ndi nkhani ya chiwerengero cha osewera. Pulogalamu yotchedwa Libratus, ya ku Carnegie Mellon University ku America, inagonjetsa akatswiri pa masewera a anthu awiri mu 2017, koma anaipanga kuti izisewera ndi munthu mmodzi yekha, ndipo panafunika pulogalamu ina, Pluribus, kuti mu 2019 makina apambane pa tebulo la anthu 6. Ngati anthu amenewo anafunika njira zosiyana, munthu wa pepala limodzi sangakuuzeni kuti wathetsa zonse.

Chimene ndikuona kuti ambiri amaphonya n'chakuti chofunika kwambiri si anthu amene akhala pa tebulo, koma amene ali pambuyo panu omwe sanayankhulebe, kutanthauza kuti sananene ngati akulowa, akukweza kapena akutaya makadi. Woyamba kuyankhula pa tebulo la 6 ali ndi anthu asanu kumbuyo kwake, chimodzimodzi munthu wachinayi pa tebulo la 9 pamene atatu oyamba ataya makadi awo. Awiriwa ayenera kusewera pafupifupi mofanana. Tebulo laling'ono langochotsa mipando yoyambirira ija, imene munthu amayenera kusamala kwambiri, n'kukusiyani m'malo amene muyenera kulimbana pafupipafupi.

Zoti muchite

Musanayang'ane makadi anu, werengani amene atsala kumbuyo kwanu. Akakhala 7 kapena 8, lowani ndi makadi amphamvu okha, pafupifupi kamodzi pa kugawa 10 kulikonse. Akakhala asanu, onjezani pang'ono. Mukakhala pa button, mpando umene kumbuyo kwanu kumangotsala a small blind ndi big blind, ndipo onse oyankhula inu musanayankhule ataya makadi, kwezani ndi makadi oposa gawo limodzi mwa atatu, ndipo muzilowa mokweza osati mongotsatira. Mukakhala pa big blind musamataye makadi msanga, ndipo pa tebulo la atatu musachite mantha ndi makadi awiri ofanana apakatikati, chifukwa nthawi zambiri amakhala akutsogola.

Koma pa funso lanu loti muchoke kapena ayi, ine ndikuti muzichoka kufikira mutazolowera. Tebulo la anthu ochepa limathamanga, makadi amagawidwa kambiri pa ola limodzi, ndipo kampani yoyendetsa masewera imadula gawo lake pa ndalama zapakati nthawi zambiri, kotero amene sanakonzeke amataya mofulumira kuposa pa tebulo lodzaza. Ndalama zimakweranso ndi kutsika kwambiri ngakhale kwa wodziwa, ndipo kuno kwathu, kumene netiweki imatha kuduka muli pakati pa kukweza, kusewera kambiri kumachulukitsanso mpata woti makadi anu atayidwe okha nthawi ikatha. Phunzirani kaseweredwe ka anthu ochepa pa matebulo a ndalama zoseweretsa, ndipo mukabwerera ku ndalama zenizeni tsikirani pa tebulo lotchipa kuposa limene mumasewera muli 9. Ndalama ya chimanga, ya fizi ya ana kapena ya ngongole ya ku banki m'khonde isachoke mu Airtel Money kapena Mpamba kupita pa tebulo lililonse, lalikulu kapena laling'ono, ndipo muzidziikira malire a usikuwo musanatsegule foni.